Za Ulendo Wathu wa ku Zomba ndi za Kumene Tinagona

Inu a m'midzi amene mumawerenga kalata iyi mwezi ndi mwezi: pamene tinabwerako ku Zomba, ambiri a inu munatifunsa kuti, "Kodi munakaona ciani ku msonkhano wa anthu ophunzira?" Ife tinayankha mwacidule, pakuti mbali yina ya ulendowo inali ya manyazi, ndipo munthu safulumira kuyala manyazi ace pabwalo. Koma tsopano masiku apitapo, ndipo ana anu ena alikusankhidwa kunka ku masukulu akuru a m'mizinda. Cifukwa cace taganiza zolemba zonse monga momwe zinacitikira, kuti citsa cimene cinatipunthwitsa ife cisakupunthwitseni inunso.

Kalata yotiitana inafika m'mwezi wa April, caka ca 2022. Inacokera kwa gulu lina la anthu ofufuza za zinenero, amene anapangana kusonkhana ku Zomba masiku atatu m'mwezi wa July, nafuna kuti pakati pao pakhale nkhalamba zodziwa mau akale a Cicewa amene ana a lero sawamvanso. Mmodzi wa iwo anamva mbiri ya amalume athu, amene sadziwa kulemba ngakhale dzina lao, koma maina a mitengo, a misampha, ndi a mbali zonse za nyumba kuyambira pa nsanamira kufikira pa tsindwi, ali nao pamtima. Ife tinaitanidwa kuti tiwaperekeze ndi kuwamasulira pamene pakafunika.

Kalatayo inali ya m'Cingerezi, ndipo kulakwa kwathu kunayambira pomwepo. Munali mau awiri ofunika. Oyamba anali akuti ndarama za ulendo ndi za pogona zidzabwezedwa pambuyo kwa munthu amene adzaonetsa marisiti. Aciwiri anali akuti yense wofuna kuti amsungire cipinda ayankhe mwezi wa May usanathe. Ife tinawerenga mothamanga, ndipo liu limodzi la pamenepo sitinalimvetse, tinangoliganizira, ndi kunena mumtima kuti, "Atiitana okha, adzatigoneka okha." Akadakhala munthu wina, akadapita nayo kalatayo kwa Bambo Mfumu, kapena kwa aphunzitsi a ku sekondale amene nyumba yao tiipenya tiri pakhonde pathu. Koma ife tinakhala zaka zinai ku seminale yaing'ono, tinalawako Cilatini, ndipo m'mudzi muno ndife amene timawerengera ena makalata ao. Tinati, "Anthu akamva kuti mphunzitsi wakafunsa tanthauzo la liu, adzatiyesa ciani?" Motero tinangoyankha kuti tidzafika, tinaipinda kalata ija ndi kuiika m'buku. Akuru anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ife tauphunzitsa ana nthawi zosawerengeka.

Ndarama za panjira tinaziwerengera mwezi womwewo wa April. Amalume anagulitsa mbuzi imodzi, ife tinaonjezapo za mtedza, ndipo tinaona kuti zikwanira kupita ndi kubwera, ndi kutsalako ya tiyi. Koma kumapeto kwa May banki yaikuru ya dziko inacepetsa mphamvu ya kwacha ndi magawo 25 pa 100. Mafuta a galimoto anakwera mtengo, ndipo mitengo ya ulendo inakwera nao pamodzi. Ife sitinabwerezenso kuwerengera kwathu. Amai a mu mphakati wathu anatikonzera kamba, ndiye mbatata yoocha, mtedza wokazinga ndi nkhuku imodzi yowamba. Ndipo tiwathokoza pano, cifukwa iwo anaganizira ulendo wathu koposa ife eni ace.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, tinakakwera minibasi pa Mtakataka. Makhalidwe a minibasi muwadziwa: siicoka pa ora, icoka ikadzaza, ndipo ikadzaza aonjezamo enanso awiri. Tinadutsa Golomoti ndi Sharpevale, njanje iri pambali pathu, ija imene inafika ku Salima m'caka ca 1935. Amalume anailoza, nati pa unyamata wao anakwerapo sitima kunka ku Limbe kukafuna nchito. Pa Balaka kondakitala anatitsitsa, natigulitsa kwa galimoto lina, ndipo mwini galimoto limenelo anati tionjezepo ndarama. Pa Liwonde tinaoloka Shire pa baraji imene inamangidwa m'caka ca 1965 kuti madzi azitsika mwa muyeso kunka ku makina a magetsi a kumunsi. Ndipo tsidya lija tinakhala maora awiri padzuwa kuyembekeza galimoto lacitatu. Kucokera pamenepo mseu uyamba kukwera. Tinapyola mapiri a Machinga, tinadutsa Malosa, Domasi ndi Songani, phiri liri kumanja ndi cigwa ca Chilwa kumanzere. Ndipo mphepo inayamba kulowa m'mazenera, kotero kuti amalume anatulutsa bulangete napfunda. Tinalowa m'Zomba dzuwa litapita, ciperoni cirikuwaza.

Kwa inu amene simunafikeko, Zomba ndi mzinda wogona patsinde pa phiri lalikuru, limene nsonga yace ipitirira mamita 2,000, ndipo mtsinje wa Mulunguzi utsika kucokera pamwamba pace. Ndi pomwe panali likulu la dziko kuyambira m'caka ca 1891, masiku a Harry Johnston, kufikira m'caka ca 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Nyumba yakale ya wolamulira, yomangidwa m'caka ca 1886, pambuyo pace inasanduka nyumba ya alendo. Sukulu ya ukacenjede inakhazikitsidwa m'caka ca 1964. Chancellor College inayamba kuphunzitsa ku Chichiri m'caka ca 1965, nisamukira ku Zomba m'caka ca 1973, ndipo kuyambira 2021 ichedwa University of Malawi. Tsono mzinda umene unali wa akalaliki a boma unasanduka wa ophunzira. Koma ngwaung'ono, ndipo pakacitika msonkhano kapena mwambo wopereka masatifiketi, zipinda za alendo zitha msanga, ndi zotsala zikwera mtengo.

Tinafunsira njira ya ku nyumba ya alendo imene inachulidwa m'kalata, ndipo tinaipeza yowala nyali, magalimoto ali ndii pabwalo. Mtsikana wa pa thebulo anatilandira mwaulemu, nayang'ana pa pepala la maina kawiri konse ndi cala cace. Anati, "Pepani bambo, maina anu palibe. Kodi munayankha za cipinda?" Pomwepo mau aciwiri a m'kalata ija anatibwerera m'mutu monga mphenzi. Tinafunsa ngati pali cipinda cotsala, iye nati zonse zadzaza. Tinayenda nyumba zina ziwiri. Pa yoyamba panalibe malo. Pa yaciwiri cipinda cinalipo, koma mtengo wa usiku umodzi unaposa ndarama zonse zimene zinatsala m'thumba mwathu, ndipo zimenezo zinali za ulendo wobwerera.

Tinaima pakhonde pa sitolo yotseka pafupi ndi depoti. Amalume apitirira zaka 80, ndipo cifuwa cao si colimba. Tinawamva alikutsokomola m'kati mwa bulangete, ndipo mantha anatigwira, pakuti tinawatenga kwa ana ao ali bwino, ndipo tikadawabweza odwala kapena koposa apo, mlandu ukadakhala wathu. Iwo anati, "Mphwanga, kalata ija inati ciani kweni kweni?" Pamenepo tinaulula zonse: kuti liu lina sitinalimve, kuti tinacita manyazi kufunsa, ndi kuti cipinda sitinacipemphe. Sanatikalipire. Anakhala cete kanthawi, nati, "Cabwino. Kumudzi unakana kufunsa munthu mmodzi. Tsono pano ufunsa onse odutsa kufikira wina atatiyankha."

Pafupi pomwepo panali ciwaya ca mbatata yokazinga, ndi anthu angapo alikuotha moto wace. Tinapita, tinabvula cipewa, ndi kunena mokweza kuti ndife alendo, tiri ndi nkhalamba, ndipo tasowa pogona. Ena anatiyang'ana nabwerera ku nkhani zao. Koma mnyamata wina wonyamula mabuku m'jumbo anayandikira amalume, nagwada pang'ono, nati, "Agogo, mwacokera kuti?" Atamva, anati iye kwao nkutali ndi kwathu, ndipo sitinapeze cibale ciri conse pakati pathu, ngakhale ca mfunda. Komabe anati, "Kumene tikhala ife nkopanikiza, koma agogowa sangagone panja. Tiyeni." Anaitana wakabaza, tinawakweza amalume panjinga, ndipo ife awiri tinatsata pansi kunka ku Chikanda.

Chikanda ndi mudzi wothinana umene uli pafupi ndi sukulu ya ukacenjede. Popeza nyumba zogona za m'kati mwa sukulu sizikwanira ophunzira onse, ambiri acita lendi m'menemo. Cipinda cimene tinalowa sicinali cacikuru kuposa khichini la kwathu. Munali mabedi awiri, mphasa yopinda pangodya, mbaula, ndowa ya madzi, ndi mabuku m'katoni. Ndipo m'menemo munkagona anyamata anai. Mpopi unali panja, wa anthu onse a pampandapo, ndi cimbudzi cimodzimodzi. Anyamata aja sanakambirane nthawi yaitali: awiri anatenga mabulangete ao nakagona kwa anzao, ndipo bedi lokhala kutali ndi citseko analipereka kwa amalume. Mai mwini nyumba, atamva kuti kwafika nkhalamba, anabwera ndi madzi otentha osamba, nabweranso ndi nsima ya matemba. Ife tinamasula nkhuku yathu ija, ndipo tinadya tonse m'mbale imodzi. Malonje anatifunsa titatha kudya, monga ayenera.

Usiku umenewo magetsi anazima, monga ankacitira kawirikawiri caka cimeneco, pakuti namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira m'mwezi wa January. Mnyamata amene anatitola uja anayatsa kanyali ka pa foni yace, nayamba kuwerenga atapfunda. Ife tulo sitinatipeze msanga, ndipo tinaceza naye monong'ona. Anatiuza kuti tsiku limene dzina lace linatuluka, amace analulutira, mudzi wonse unabvina, ndipo anthu anampatsa nkhuku ndi sopo. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kumene akagone. Sabata yoyamba anagona pansi kwa munthu wosamdziwa. Anati masiku ambiri adya kamodzi, madzulo, kuti ndarama ya lendi isasowe. Tinamfunsa ngati makolo ace adziwa zimenezi. Anati, "Iai, bambo. Ndikawauza adandaula, ndipo alibe cina coti agulitse." Tinaganizira ana a m'midzi mwathu amene tinawaperekeza ku mseu ndi nyimbo, ndipo tinazindikira kuti za pogona pao sitinafunsepo konse.

M'mawa mwace tinapita ku msonkhano, malaya athu atawasita ndi simbi ya makala ya mai uja. Kunali anthu ocokera ku Zambia, ku Mozambique ndi ku maiko a kutali, ndipo yense anapatsidwa mphindi zowerengeka kuti anene zimene anafufuza, ena namfunsa mafunso. Tinaona cinthu cimene cinaticititsa manyazi kaciwiri: anthu ophunzira koposa ndiwo amene anafunsa koposa, ndipo mkuru wina wa imvi, amene walemba mabuku, anaimirira nati sanamvetse, amuuzenso. Zambiri tinamva za m'mene Cicewa cinasankhidwira kukhala cinenero ca dziko m'caka ca 1968, ndi za buku lomasulira mau a Cinyanja m'Cinyanja comwe, limene linatuluka m'caka ca 2000. Koma imene inawakhudza amalume ndi nkhani ya Salimini. Ameneyu anali munthu wa cigawo ca pakati ca dziko lino, amene anagwidwa ukapolo natengedwa kunka ku gombe la nyanja ya mcere. Kumeneko, pafupi ndi Mombasa, anakomana ndi mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, m'caka ca 1853, namuuza mau a kwao amodzi amodzi. Ndipo mau amenewo anasindikizidwa m'buku m'caka ca 1877. Titawamasulira zimenezi, amalume anatinong'oneza kuti, "Mau ace anawasunga bwino. Nanga mwana wa eniyo ankagona pati, ndipo anamyalira ndani?"

Nthawi yao itakwana, anaimirira ndi ndodo yao, ndipo tinayesa kuti ayamba ndi maina a mitengo monga tinapangana. Koma iwo anayamba ndi mau a pogona. Anafotokoza za gowero, nyumba imene anyamata osakwatira ankagonamo pamodzi, imene ena aicha mphala. Ndi za kuka, nyumba ya agogo akazi, kumene atsikana ankagona ndi kulangizidwa. Anati kale mlendo akafika dzuwa litapendeka, ankamlozera kwa mfumu. Ankampatsa madzi, kenaka cakudya, ndipo malonje ankabwera pambuyo. Akakhala mwamuna ankamyalira m'gowero, akakhala mkazi ankamlowetsa kwa amai, ndipo panalibe womfunsa cimene adzalipira. Anthu analikulemba mofulumira. Mmodzi anafunsa ngati liu lakuti gowero likali ndi nchito lero, popeza nyumba zotero zatha m'midzi yambiri. Amalume anati, "Ana anga, gowero silinathe. Ife tagonamo usiku wapitawu, pafupi pomwe pano, ndipo anyamata ace mwambo auadziwa: anatipatsa bedi, iwo nakapempha pogona kwina." M'cipindamo munakhala zii, ndipo pambuyo pace anaomba m'manja.

Pa nthawi yopuma anadza kwa ife mai wina mwa okonza msonkhano, wodandaula kwambiri. Anati tikadayankha za cipinda, akadatisungira. Ndipo tikadanena kuti ndarama za panjira zatibvuta, akadatitumiziratu pa foni, monga anacitira ndi ena amene anapempha. Anatifunsa marisiti, ndipo tinalibe ndi imodzi yomwe, pakuti minibasi siipereka risiti. Koma iye anatilembetsa mitengo yonse papepala, tinasaina, natibwezera. Anatinso cipinda capezeka, cifukwa mlendo wina sanabwere. Ife mtima unali kale pa bedi lofewa ndi madzi otentha a m'mpopi, koma amalume anakana. Anati, "Kumene anatiyalira usiku wa mabvuto sitingacokeko cifukwa taona pabwino. Adzati tinawanyoza." Motero tinagona ku Chikanda masiku onse atatu, ndipo ndarama za pogona zimene tinalandira tinazigawa pakati pa anyamata aja ndi mai mwini nyumba. Iwo anayamba akana, kufikira amalume anawauza kuti mphatso ya agogo siibwezedwa. Tsiku lobwerera anatinyamulira katundu kufikira ku depoti, ndipo sanacoke mpaka galimoto litanyamuka.

Tsono, abale, cimene tikupemphani ndi ici. Ukakufikirani ulendo wotere, kaya ndi wa msonkhano, kaya wa maphunziro, kaya wa ku cipatala cacikuru, kalata yace muiwerengetse kwa anthu awiri, ngakhale inu muli odziwa kuwerenga. Mufunse zinthu zitatu musanatseke citseko: ndani alipira ulendo, ndipo alipira musananyamuke kapena mutafika, mukagona kuti, ndipo dzina lanu lalembedwa kodi pamenepo, mukadya ciani tsiku lofika, pakuti cakudya ca msonkhano ciyamba msonkhano ukayamba. Ndarama muziwerengenso sabata yonyamukira, cifukwa mtengo wa mwezi watha si wa lero. Ndipo ya ulendo wobwerera muimange payokha. Munyamuke m'mamawa kuti mufike kukali kowala, pakuti mzinda wacilendo usiku ulibe nkhope. Kumene apereka risiti, muitenge ndi kuisunga; kumene sapereka, mulembe nokha mtengo ndi malo. Ndipo wopita ku Zomba miyezi ya June ndi July asasiye bulangete.

Koma makamaka tinena ndi inu makolo amene ana anu asankhidwa. Kululutira nkwabwino, ndipo ifenso tidzabvina nanu. Koma nthungululu ikatha, khalani pansi ndi mwanayo, mufunse ngati wapeza malo m'kati mwa sukulu kapena akacita lendi, lendiyo ndi ndarama zingati pamwezi, akakhala ndi yani, ndipo akaphika pa ciani. Mufunefune wa kwathu amene ali kale kumeneko kuti akamlandire ku depoti. Akabwera pa chuthi musamfunse za mayeso zokha. Mumfunsenso kuti adya kangati pa tsiku, ndipo mumuyang'ane m'maso poyankha, cifukwa ana abwino ndiwo amene amabisa njala. Mphakati umene usonkha ufa pa maliro ungathenso kusonkha ufa wa mwana wa sukulu; mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amalume anabwera bwino, ndipo cifuwa cija cinatha patapita sabata. Pokolola anapatula thumba la mtedza, natiuza kuti tilitumize ku gowero lao la ku Zomba, ndipo tinalitumiza. Kalata ija tikali nayo m'buku momwe tinaiika. Titabwerako tinapita nayo kwa aphunzitsi a ku sekondale, tinawalozera liu lija, ndipo anatimasulira pa kamphindi, osaseka konse.

Tsalani ndi mtendere, inu ndi a m'nyumba zanu.